NCHITO YA BOMA KUTALI NDI DISO LA BWANA

Mnyamata kapena mtsikana akatsiriza sukulu, nalandira kalata yomuitana ku nchito ya Boma, mtima wace umathamangira ku Lusaka kapena ku Chipata, kumene kuli magetsi, masitoro ndi miseu ya tara. Koma kalata ya Boma sifunsa kumene mtima wa munthu uli. M'caka ca 2022 Boma la Zambia linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a m'zipatala oposa 11,000, ndipo ambiri a iwo anatumizidwa ku midzi kumene anali asanapondeko cibadwire. Ku malo otere ndi kumene kumadziwika ngati munthu ali wanchito weniweni kapena wolandira malipiro cabe, pakuti kumeneko diso la Bwana silifika masiku onse.

Msoro ndi amodzi a malo amenewa. Ali m'cigwa ca Luangwa, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, m'dziko la Akunda. Mfumu Msoro ndi imodzi mwa mafumu asanu ndi imodzi a mtundu umenewu; ena ndi Nsefu, amene ali mkulu wao, Jumbe, Kakumbi, Malama ndi Mnkhanya. Kale dziko limeneli linali kuweruzidwa kucokera ku Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, koma lero liri ndi boma lacelace la Mambwe. M'mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo, kotero kuti munthu amaopa kuponda pansi wopanda nsapato. Mvula ikadza, dothi lakuda limasanduka phala logwira miyendo, Lupande amadzaza, ndipo galimoto imabvutika kufika. Kuli malungo, m'nkhalango za tsanya muli kashembe, ndipo zirombo zimalowa m'minda usiku. Pakati pa zonsezi pakhala anthu a Boma: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, akalaliki a khoti, ndi alonda a nyama, amene anthu amawachula agemu.

Tsono pali funso limene limabvuta ambiri. Anthu awiri aphunzira sukulu imodzi, alembedwa tsiku limodzi, ndipo malipiro ao ndi ofanana. Nanga cimacititsa nciani kuti wina agwire nchito ndi mtima wonse, pamene mnzace angoyembekezera kutha kwa mwezi? Ena amayankha msanga kuti bvuto ndi ndalama zocepa. Ena amati ulesi ndi cibadwa, palibe mankhwala ace. M'mayankho awiriwa muli coonadi pang'ono, koma mbiri ya Msoro ndi ya cigwa conse ionetsa cinthu cina. Munthu amagwira nchito monga mwa mwambo umene waupeza pa malo a nchito, ndipo mwambo umenewo amaumba ndi mtsogoleri wa pamalopo. Iye ndiye amene amautsa mitima ya anthu ace, iye yemweyo ndiye amene amaiziziritsa.

Citsanzo coyamba ndi ca munthu amene sanali wa Boma konse. Masiku amenewo sukulu ndi zipatala za m'midzi zinali m'manja mwa amishoni, cotero nchito imene lero iri ya Boma inayamba ndi iwo. Leonard Kamungu anali Mcewa wa ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja. Anaphunzira pa mishoni ya U.M.C.A., nafika ku sukulu ya Kiungani pa cisumbu ca Zanzibar, ndipo m'caka ca 1909 anadzozedwa unsembe. Caka cotsatira, 1910, Bishop John Hine anayamba dayosisi yatsopano ya Northern Rhodesia, ndipo Kamungu anasiya kwao, nadza kudzatsegula mishoni pakati pa Akunda. Pofika 1911 anali atakhazikika pa Msoro.

Munthu ayenera kuganiza bwino za malo amene wansembe ameneyu anaima. Bishop wace anali kutali ulendo wa masabata ambiri. Kunalibe lamya, kunalibe galimoto, ndipo cifukwa ca kashembe ngakhale ng'ombe yokoka ngolo sinakhoza kukhala ndi moyo m'cigwamo. Akadafuna kugona pa khonde caka conse, palibe amene akadamuona. Koma iye anatsegula sukulu m'midzi, naikamo aphunzitsi, namayenda pansi kukawaona ndi kuphunzitsa anthu. Mphunzitsi wa m'mudzi wakutali anadziwa kuti tsiku lina Abambo adzatulukira pa njira, atatopa ndi dzuwa lomwelo limene linali kumuotcha iye, nadzafunsa za ana ndi za nyumba yace. Bishop Hine nayenso anali woyenda pansi maulendo atali kukaona malo ace a mishoni. Cotero kuyambira kumutu kufikira kumapazi mwambo unali umodzi: mkulu amapita kumene wamng'ono ali. Kamungu anamwalira pa Msoro m'mwezi wa Febuluwale 1913, atagwira nchito kumeneko nthawi yocepa. Koma cimene anabzala cinamera. Lero pa Msoro pali cipatala ndi sukulu, ndipo chalichi ca St Luke ndico chalichi cacikuru ca dayosisi ya Anglican ya kum'mawa kwa Zambia.

Boma la Angelezi linali nao mwambo wace, ndipo unali ndi mbali ziwiri. Mbali yabwino inali ulendo. Bwana D.C. ndi acinyamata ace anali kulamulidwa kuyendera midzi, kugona m'mahema, kuwerenga anthu ndi kulemba lipoti la zimene anaona. Patsogolo pao panali kuyenda amesenjala obvala cisoti cofiira, amene anadziwa njira zonse ndi maina a nyakwawa zonse. Lamulo la 1929 litapatsa mafumu mphamvu ya kuweruza milandu ndi kusunga dongosolo m'maiko ao, akalaliki a mafumu anadziwa kuti mabuku ao adzatsegulidwa ndi kuwerengedwa tsamba ndi tsamba. Nchito inali kuonedwa, ndipo nchito yoonedwa siigona.

Mbali yoipa inali yakuti diso limenelo linali la mantha, ndipo khomo la kutsogolo linali lotseka. Nchito za Azungu ndi za anthu akuda zinali zolekanitsidwa, malipiro ndi nyumba zomwe. Kalaliki wa imvi, wodziwa malamulo onse a msonkho, anali kuphunzitsa nchito mnyamata wongofika kumene kucokera ku England, ndipo mnyamatayo anali Bwana wace kuyambira tsiku loyamba. Munthu wotere anaphunzira kuimirira msanga Bwana akalowa, ndi kupuma Bwana akatuluka. Apa ndi pamene panazika mizu mau aja amene amamvekabe m'maofesi ndi m'midzi, akuti, "Nza Boma izi," kutanthauza kuti zilibe mwini. Pamene dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, anthu a Zambia amene anali atatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. Mipando inadzazidwa msanga ndi eni dziko, ndipo kunali koyenera kutero. Koma kusintha munthu wa pa mpando nkwapafupi. Kuzula cizolowezi cimene cakhala m'ofesi zaka zambiri ndi nchito yaikuru. Madzi saiwala khwawa.

Nkhani imene ionetsa bwino koposa zonse ndi ya agemu, pakuti palibe wanchito wa Boma amene amakhala kutali ndi diso la mkulu wace monga mlonda wa nyama ali m'thengo. Pamene njobvu za m'cigwa ca Luangwa zinawerengedwa ndi ndege m'caka ca 1973, zinapezeka zoposa 80,000, ndipo zipembere zinali zambiri ndithu. Caka ca 1972 malo osungiramo nyama a South Luangwa anali atalandira dzina la paki ya dziko lonse. Koma m'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, thumba la Boma linaphwa, ndipo amene anayamba kumva njala imeneyi ndi anchito a kutali. Agemu anasowa nsapato, anasowa kamba wa pa ulendo, anasowa mafuta a galimoto, pamene opha njobvu anali ndi mfuti za nkhondo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu zinatsala zosakwana theka la zija zinawerengedwa. Zipembere zinatheratu, kotero kuti m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse mulibe cipembere cakuda ngakhale cimodzi, ndipo zina zinacita kutengedwa ku South Africa m'caka ca 2003 kudzaikidwa ku North Luangwa.

Kodi agemu a masiku amenewo anali aulesi cibadwire? Iai. Munthu amene watumizidwa m'thengo wopanda nsapato amamva uthenga umene mkulu wace sanalankhula ndi pakamwa, wakuti nchito yace iribe kanthu. Ndiponso anthu a m'midzi anali kumuona ngati mdani, woteteza nyama zimene zinali kuwadyera cimanga. Kumwamba osamukumbuka, pansi osamufuna: mtima wa munthu wotere ungatenthe bwanji?

Zinthu zinayamba kusintha m'dziko lomweli la Akunda. Pakati pa zaka za m'ma 1980, kwa Mfumu Malama, anayesa kulemba anyamata a m'midzi momwemo kuti akhale alonda, nawaphunzitsa pa Nyamaluma. M'caka ca 1986 kunayamba nchito yaikuru yochedwa L.I.R.D.P., yothandizidwa ndi ndalama za dziko la Norway, imene inagwira m'paki ndi m'dera lonse la Lupande, momwe muli Msoro. Alonda anapatsidwa zobvala ndi cakudya ca pa ulendo. Masiku amene gulu liri lonse linakhala m'thengo anali kulembedwa, ndipo amene anagwira wopha nyama kapena kulanda mfuti anali kulandira mphotho. Akatswiri awiri, H. Jachmann ndi M. Billiouw, anasanthula mabuku a nchitoyi a zaka za 1988 kufikira 1995, napeza kuti m'zaka zimene mphotho zinalipidwa zambiri ndi alonda anasamalidwa bwino, njobvu zophedwa mwakuba zinacepa. Kuyambira 1996 magawo 80 pa 100 a ndalama za nyama zogwera anthu a Lupande anayamba kuperekedwa m'midzi momwemo, ndipo anthu anali kukhala pansi pa mtengo kupangana okha za kagwiritsidwe kace.

Munthu wopupuluma adzati, "Onani, ndi ndalama basi." Koma ayang'anitsitse. Mphotho ija sinali kugwa ngati mvula pa wolima ndi waulesi yemwe. Kuti ilipidwe, panafunika mkulu wowerenga lipoti la mlonda, wodziwa amene anapita m'thengo ndi amene anatsala pa msasa, ndi wosunga pangano lace. Ndalamayo inali umboni wakuti pali munthu amene waona thukuta. Mphotho yolonjezedwa koma yosalipidwa imaononga koposa mphotho imene sinalonjezedwa konse, pakuti imaphunzitsa wanchito kuti mau a mkulu wace ndi mphepo.

Za kusiyana kwa malipiro ndi cangu analembapo Frederick Herzberg wa ku America m'caka ca 1959, atafunsa anchito ngati 200 a mu mzinda wa Pittsburgh za masiku amene anakondwa pa nchito ndi masiku amene anaipidwa. Anapeza kuti malipiro, nyumba ya nchito ndi malamulo zikakhala zoipa zimabala madandaulo, koma zikakonzedwa zimangocotsa madandaulowo. Cangu cimabadwa kwina: pa kuona nchito itatheka, pa kuyamikidwa, pa kukhulupiriridwa ndi udindo, ndi pa kuona njira yokwerera. Mlimi wa ku Msoro angamve zimenezi mosabvuta. Kupalira kumacotsa udzu, koma kupalira sikumeretsa cimanga pamene sipanabzalidwe mbeu.

Mphamvu ya njira yokwerera inayesedwa m'Zambia mwenimweni. M'caka ca 2010 Unduna wa Zaumoyo unayamba kulemba athandizi a zaumoyo a m'midzi m'maboma 48, anthu oti aphunzire caka cimodzi ku Ndola ndi kubwerera kukatumikira kwao. Pogwirizana ndi akatswiri atatu, Nava Ashraf, Oriana Bandiera ndi Scott Lee, zikalata zoitanira anthu zinalembedwa mitundu iwiri. M'maboma ena cikalata cinanena za kutumikira mudzi. M'maboma ena cinanena kuti wogwira bwino adzakhoza kupitiriza maphunziro ndi kukwera kukhala namwino kapena woposa pamenepo. Ambiri anali kuopa kuti cikalata caciwirici cidzakoka anthu odzikonda. Koma pamene nchito inawerengedwa, kunapezeka kuti amene anadza ndi ciyembekezo ca kukwera anayendera nyumba zambiri, kuposa anzao ndi 29 pa 100 iri yonse, ndipo m'midzi mwao ana ocepa sikelo anacepa. Cotero kufuna kukwera si chimo mwa wanchito wa Boma. Coipa ndi mtsogoleri amene amakhalira makalata a anthu ace opempha maphunziro, poopa kuti angadzampose.

Kuti zimenezi zimveke bwino kwa amene ali pafupi kuyamba nchito, payerekezedwe anyamata awiri ocokera ku koleji imodzi ya aphunzitsi, otumizidwa ku sukulu ziwiri za m'cigwa.

Woyamba afika madzulo, napeza nyumba ya mphunzitsi wamkulu yotseka, mwini wace atapita ku tauni kukatenga malipiro sabata lathalo. Agona m'kalasi pa mabenchi. M'mawa aimba belu yekha pa nthawi yace, ndipo ana ocepa amene afika amuyang'ana modabwa. Dzuwa litakwera afika mphunzitsi wina wacikulire, namuitana pansi pa mtengo, nati, "Aphunzitsi, mwadza ndi moto wa ku koleji, ndipo ncabwino. Ifenso tinafika cotero. Koma kuno ndi kucigwa, mwana wanga. Dzuwa la kuno silifuna liwiro, ndipo oyendera sukulu saoloka Lupande dzinja." Mnyamatayo alimbikira mwezi woyamba ndi waciwiri. Akalemba maphunziro ace usiku pa nyali, palibe wowawerenga. Akafunsa coko, auzidwa kuti cidzabwera. Anzace ayamba kumseka, namati, "Kodi inu mufuna kukhala Nduna?" Posafuna kukhala yekha pa malo acilendo, aleka kuimba belu. Caka cisanathe ali pansi pa mtengo pamodzi ndi anzace, ndipo mphunzitsi watsopano akadzafika, ndiye amene adzamuuza za dzuwa la kucigwa. Palibe amene anamlamula kucita ulesi. Anangovina ng'oma imene anaipeza irikulira.

Waciwiri apeza mphunzitsi wamkulu, mai wacikulire, alikumdikira pamene galimoto imathera, ali ndi ana awiri onyamula katundu. Nyumba yace ndi yaing'ono, denga lace lodontha mbali imodzi, koma yasesedwa ndipo muli mtsuko wa madzi. M'mawa mwace amaiwo apita naye kwa nyakwawa kukamuonetsa, kuti mudzi udziwe mlendo wace. Sabata laciwiri alowa m'kalasi mwace, nakhala kumbuyo osalankhula. Ana atatuluka amuitana pa yekha, nati, "Bambo, phunziro lanu la masamu linali lokonzeka bwino, ndakondwa. Koma ana a kumbuyo sanamva, cifukwa munali kulankhula ndi bolodi. Mawa mubwere m'kalasi mwanga mudzaone m'mene ndimacitira, ndipo inunso mudzandiuze pamene ndaphonya." Pamene alawansi ya anchito a kumidzi icedwa, amaiwo alemba kalata, naitenga okha kupita nayo ku boma, ndipo pobwera amuuza coonadi ca zimene ayankhidwa, ngakhale ziri zosakoma. Dzuwa ndi lomwe lija, matope ndi omwe aja, malipiro ndi amodzimodzi. Koma mnyamata uyu acita manyazi kucedwa, pakuti akadzuka amapeza amai aja atafika kale pa bwalo la sukulu.

Anyamata awiriwa sanasiyana pa cibadwa. Anasiyana pa cimene anacipeza. Ndipo amene amalipira kusiyanaku si iwo ai, koma mwana wa mlimi wa thonje, amene pa sukulu yoyamba ija adzafika kalasi lacisanu asanadziwe kuwerenga dzina lace. Cimodzimodzi pa kacipatala: mwambo wa pamalopo ndiwo umene umanena ngati mai wodwala pakati, wonyamulidwa pa njinga usiku, adzapeza citseko cotsegula kapena cotseka.

Boma layesa njira zambiri zokonzera nchito zace. M'caka ca 1993, m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, linayamba cikonzero cacikuru cosintha kayendetsedwe ka anchito a Boma, cofuna kucepetsa ciwerengero cao ndi kuyesa munthu ali yense monga mwa zipatso za nchito yace. Kuyambira pamenepo mafomu oyesera anchito akhala akudzazidwa caka ndi caka. Maganizo ace ndi abwino. Koma fomu iribe maso. Ikagwera m'manja mwa mkulu amene sanalowepo m'kalasi mwa mphunzitsi wace, iye amalemba "bwino" pa dzina liri lonse, kuti asadane ndi munthu, ndipo wakhama ndi waulesi amatuluka ofanana. Palibe cimene cimapha mtima wa wakhama msanga koposa cimeneci.

Tsono mtsogoleri woyenera amadziwika ndi zinthu zimene ngakhale mwana wa sukulu angazione. Amafika pa nchito anthu ace asanafike, ndipo lamulo limene iye mwini salisunga salilamula. Amapita kumene anthu ace ali, osati kudikira kuti lipoti limpeze pa mpando. Amayamika poyera ndi kudzudzula m'seri. Safunsa munthu zipatso asanampatse khasu. Pogawa maulendo a misonkhano, pamene pali ndalama za pa njira, sayang'ana mtundu, cibale kapena nkhope. Ndiponso amalola kumva madandaulo osakwiya, pokumbukira mau a makolo akuti mfumu ndi dzala, pamene ali yense amataya zinyalala zace. Zonsezi sizifuna ndalama za ku Lusaka. Zifuna munthu amene amaona mpando wace ngati katundu wosenza.

Koma wina angafunse kuti, nanga mnyamata woyamba uja akadacita ciani, popeza mkulu wace sanadzisankhira? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo kumuuza kuti angolimba mtima yekha ndi kumnyenga, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Komabe pali zina zimene ziri m'manja mwace. Pa malo ali onse, ngakhale oipitsitsa, pamakhala munthu mmodzi amene sanagonja: kapena mlonda wa usiku, kapena mai wosesa m'cipatala, kapena mphunzitsi wina wofatsa amene amaphunzitsabe mwakacetecete. Mlendo wanzeru amamfunafuna munthu ameneyu m'masabata oyamba, nasankha kukhala naye, cifukwa amene munthu amadya naye nsima ndiye amene amamuumba. Caciwiri, akumbukire kuti ngakhale woyendera sukulu saoloka mtsinje, pali maso ena amene sacoka. Makolo amadziwa mphunzitsi amene amaphunzitsa. Nyakwawa imadziwa namwino amene amadzuka usiku. Mbiri ya wanchito imayenda m'midzi msanga koposa faelo yace, ndipo imatsala iye atasamutsidwa. Cacitatu, asunge mabuku ace moona, ngakhale palibe wowafunsa, ndipo asasiye kuwerenga ndi kulemba mayeso okwerera, kuti khomo likadzatseguka limpeze ali wokonzeka.

Pali cifukwa cinanso cacikuru. M'nchito ya Boma zaka zimathamanga. Amene lero ali wamng'ono pa onse, wotumidwa kukatenga coko ndi kufufuta bolodi, posacedwa adzapatsidwa makiyi a sukulu, a kacipatala kapena a msasa wa agemu. Tsiku limenelo sadzakhala ndi nthawi yophunzira khalidwe latsopano. Adzatsogolera monga anazolowera kutsata. M'mera mpoyamba. Amene anazolowera kukhala pansi pa mtengo adzakhala mkulu wa nyumba yotseka, ndipo amene anasunga belu m'masiku obvuta adzadziwa kukadikira mlendo wace pamene galimoto imathera.

Mau aja akuti "Nza Boma izi" ayenera kutembenuzidwa ndi mbadwo umene ulikutuluka m'sukulu tsopano. Coko ca m'kalasi, mankhwala a m'kabati ndi njinga ya mlangizi zinagulidwa ndi msonkho wa anthu, ndipo mlimi wa ku Msoro amapereka gawo lace pamene agula sopo, mafuta a nyali kapena citenje ca mkazi wace. Iyeyo ndiye mwini nchito. Sabvala cisoti, salemba lipoti, ndipo kawirikawiri amagwada polowa m'ofesi imene iye mwini anaimanga. Leonard Kamungu anadza kwa makolo a mlimi ameneyu ali mlendo wa ku nyanja, wopanda womuyang'anira, nawatumikira ngati eni ace a nchito, ndipo patapita zaka zoposa 100 dzina lace likali kuchulidwa m'mbali mwa Lupande. Wolandira kalata yomtumiza ku malo otere asaiyese cilango. Kumeneko nchito yace yonse, yabwino kapena yoipa, idzaoneka pa ana, pa odwala ndi pa minda ya anthu amene adzakhala akumlonjera m'mawa uli wonse.